Mbiri ya miyendo yathu: kuchokera pa machila kufika pa kabaza

Lero nkhani ndi yaitali ndithu, ndiye khalani bwino, amene muli ndi tiyi thirani.

Zandilembetsa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, sabata yatha mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku Area 25 ku Lilongwe anaika chithunzi ali ku jimu, akuthamanga pa makina aja oti umathamanga koma osafika kulikonse. Anthu a kuno munaseka kwambiri, ena mpaka kumuuza kuti abwere adzapange mizere, sitimulipiritsa. Ine sindinaseke nawo. Chachiwiri, kwamveka mphekesera yoti njinga yanga yamoto inalandidwa chifukwa cha ngongole ya banki m'khonde, ati n'chifukwa chake ndikumayenda pansi m'mawa uliwonse. Abale anga, njinga ilipo, ili m'nyumba, matayala onse ndi opopa. Kuyenda pansiku ndikuchita kufuna ndekha. Koma kuti mundimvetse, mpaka ndiyambire kutali, chifukwa nkhani ya kukhala pampando ndi kuyenda pansi ili ndi mbiri yake pakati pa ife.

Ndiyambire kwa azigogo athu. Azungu a mishoni atafika ku Mvera kuno ku Dowa mu 1889, kunalibe msewu wa galimoto, kunalibe njanji. Boma la Angelezi linakhazikika mu 1891, ndipo katundu wa azungu, kaya ndi mchere, nsalu, malata, mabuku, olo mipando imene, ankatsika m'sitima ya pamadzi kunyanja n'kukwera pamitu ya anthu. Anthu amenewa ndi amene ankatchedwa amtengatenga. Mtolo umodzi unkalemera pafupifupi theka la thumba la feteleza, ndipo munthu ankayenda nawo masiku. Amene munadutsapo msewu wa ku Salima mukudziwa mmene zitunda zake zilili, ndiye taganizani kukwera pamenepo wapansi, katundu ali pankhata, kumapazi kulibe kanthu. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma ku Salima inachita kufika mu 1935. Zaka zonsezo lole ya dera lino inali khosi la munthu.

Sikuti ankasenza chifukwa chokonda ayi. Chinawadzutsa m'midzi ndi msonkho wa nyumba, umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston. Munthu wa kumudzi analibe ndalama, ndiye kuti apeze ya msonkho ankayenera kusenza kapena kukagwira ntchito kwa mzungu. Kumwera, ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kunali thangata. Mawu amenewa poyamba ankatanthauza kuthandizana, koma m'maesiteti anasanduka ntchito yokakamiza, yolipirira malo amene munthu wamangapo nyumba.

Tsono pa ulendo wa amtengatenga panali munthu mmodzi yekha amene sankayenda, ndiye bwana. Iye ankagona m'machila, chinsalu cholimba chomangirira ku mtengo wautali, anyamata n'kumamunyamula pamapewa mosinthana, akuthamanga naye uku akuimba. Mwana wa m'mudzi amene ankaima m'mbali mwa njira n'kumaonerera ankaphunzira phunziro popanda mphunzitsi: wolemekezeka ndi amene wakhala, wachabechabe ndi amene akuyenda thukuta lili kamukamu. Phunziro limeneli mulisunge, chifukwa ine ndikuona kuti ndi limene latidwalitsa ambirife patatha zaka zoposa 100.

Mu 1914 kunabuka nkhondo ya Angelezi ndi Majeremani, imene akuluakulu ankaitchula kuti nkhondo ya chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Kwa ife inayambira ku Karonga, kenako n'kulowa ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Asilikali sakanamenya nkhondo popanda chakudya ndi zipolopolo, ndiye boma linkagwira amuna m'midzi kuti azisenza. Olemba mbiri amati amtengatenga a dziko lino pa nkhondo imeneyo anali pafupifupi 200,000, pamene anthu onse m'dziko muno sankafika n'komwe 1.5 miliyoni. Ambiri anatsala m'njira chifukwa cha njala, kamwazi ndi kutopa. John Chilembwe wa ku Mbombwe, amene timamukumbukira pa 15 Januwale, anadandaula poyera za kutengera anthu akuda ku nkhondo ya eni ake, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma.

Koma taonani nzeru za makolo. Amene anabwerako amoyo anali ataona asilikali akuguba pa perete. Anatenga kuguba komweko n'kukusandutsa gule. Mganda wathu wa kuno ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, beni wa ku Mangochi, onsewa muli perete m'kati mwake. Taonani mizere yake, zovala zofanana, maudindo ngati a kuusilikali, ndi timalipenga ta zikho tija. Kuguba kokakamizidwa kunapha anthu, koma kuguba kofuna okha anthu ankachezera nako usiku wonse akusangalala. Miyendo inali yomweyo, thukuta lomwelo, chosiyana chinali choti wina wakutuma kapena wadzituma wekha.

Nkhondo itatha kuyenda sikunathe. Msonkho unalipobe, ndiye amuna anayamba ulendo wa ku Halale ndi ku Joni. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anapita ku Halale wapansi ali mnyamata. Ankatiuza pamoto madzulo kuti ananyamuka gulu, aliyense ndi kathumba ka ufa ndi kampoto, kudutsa ku Dedza, kulowa dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukatulukira ku Mtoko. Anayenda masabata, usiku akusonkha moto waukulu kuopa mikango. Pambuyo pake ndi pamene kunabwera magalimoto a Ulere, kunabwera Mthandizi, ndi Wenela yonyamula anthu pa ndege. Ngakhale Kamuzu, kusukulu tinkaphunzitsidwa kuti anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata. Za Wenela zinaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, kenako zinayambiranso ndi TEBA mpaka 1988.

Mukudziwa chimene agogo anabwera nacho atagwira ntchito zaka zonsezo? Njinga yakapalasa ndi mpando wa ndalema. Dzina la mpandowo lokha likunena zonse. Ankauika pansi pa mtengo wa mango, palibe mwana ankaloledwa kukhalapo. Zidendene zawo zinali ndi ming'alu yoti ife ana tinkayesa kulowetsamo kamtengo akagona. Munthu amene anayenda choncho, ungamudzudzule bwanji kuti akukhala pampando? Anaugwirira ntchito. Vuto ndi lakuti ife adzukulu tinatengera mpandowo osatengera ulendo wake.

Ine ndinabadwa mu 1971, ndipo sukulu ndinalekera Sitandade 8. Nthawi yathu machila anali atatha, koma tsiku la munthu wa kumudzi linali la miyendo ndi manja kuyambira tambala woyamba. Kusukulu kunali makilomita 6, ndipo tinkapita chothamanga kuopa kuchedwa. Tikaweruka, kukapirikitsana ndi mbuzi kudambo, madzulo mpira wachikulunga, atsikana fulaye ndi jingo, mwezi ukawala chipako mpaka makolo atatikalipira. Mayi anga ankadzuka kukadali mdima kukatunga madzi kuchitsime cha kudambo, maulendo atatu ndowa ili pamutu. Kenako mtondo. Kukonola, kupeta, kunyika mphale, kudzasinjanso kuti ufa woyera utuluke. Amayi awiri pa mtondo umodzi, minsi ikulandizana, nyimbo ili pakamwa, ndipo m'nyimbo zomwezo ndi mmene ankadzudzulira amuna awo. Chigayo chinali kutali, kupitako kunali kutaya tsiku. Nkhuni kuphiri. Mtedza kapena chimanga chokagulitsa ku ADMARC, amene analibe ngolo ankasenza. Basi ya UTM tikaiphonya, ndiye kuti ulendo ndi wapansi basi.

Ndiye panali Sabata ya Achinyamata, imene tinkati Youth Week. Chaka chilichonse tinkasiya makope n'kukalambula misewu, kututa miyala ya pamlatho, kuumba njerwa. Kukana kunalibe. Apayoniya nawo tinkawaona akuguba ndi kuthamanga m'mawa, matupi ali gwa, mpaka pamene asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Ngakhale kusukulu komweko, ukalakwa chibalo chake chinali kuzula chitsa, kukumba dzenje kapena kutchetcha. Mukuona? Ntchito ya thupi inali chilango. Makolo nawo mawu awo anali amodzi: limbikira sukulu kuti udzagwire ntchito yokhala pampando, ukalephera khasu likukudikira. Ine ndili mwana munthu amene ndinkamusirira kwambiri anali kalaliki wa pa sikelo kumsika. Ali pampando, pamthunzi, cholembera kukhutu, kamimba katatsogola pang'ono. Ndinkati ameneyu ndiye wafika.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchinena, koma a msinkhu wanga mukuchidziwa. M'zaka za m'ma 1990 Edzi itavuta, tinaika anzathu ambiri, ndipo ambiri ankapita ataonda. Anthu ankangoti kaliwondewonde. Munthu ukangotsika thupi pang'ono, olo ndi malungo chabe, zala zinkayamba kukuloza. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004 ndipo anthu ambiri anapulumuka, koma mantha aja anatsala m'mitima. Kunenepa kunasanduka kalata yosonyeza kuti uli bwino. Mpaka lero munthu akakuuza kuti wanenepatu, ndiye kuti wakuyamikira, iwe n'kuyankha kuti zikomo.

Tsono itafika 1994, zinthu zinayamba kusintha mothamanga. Maminibasi ndi matola anadzaza m'misewu. Zigayo zinafika pafupi, zina zokonola zomwe, ndipo mitondo yambiri inasanduka mipando ya pakhonde. Mijigo inakumbidwa m'midzi. Anyamata anayamba kabaza wa njinga zakapalasa. Kenako foni. Kale uthenga wa maliro mnyamata ankathamanga nawo midzi isanu, lero ndi mphindi imodzi. Ndalama yochokera kwa mwana m'tauni tinkakaitenga ku positi ofesi, lero imalowa m'foni uli gone pamkeka. Zaka zapitazi kwabwera njinga zamoto zolowera ku Mozambique, moti munthu akumakwera kabaza popita pamtunda woti akhoza kuitana munthu n'kumumva. Kumunda nakonso ena sakupaliranso, akungopopera mankhwala opha udzu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti zimenezi ndi zoipa. Mayi anga anakalamba msana utapindika chifukwa cha ndowa ndi mtondo, ndipo ine sindingafune kuti mdzukulu wanga adutse momwemo. Mayi woyembekezera amene kale ankanyamulidwa pa ngolo usiku, lero njinga yamoto imamufikitsa kuchipatala nthawi yabwino. Komanso tisanamizane kuti mudzi wonse unakhala pansi. Amayi ambiri mpaka pano akusenzabe nkhuni ndi madzi, ndipo amene amadalira ganyu thupi lawo silidziwa kupuma. Amene tinakhala pansi ndi ife abambo amene tinagwirako kandalama, ndi inu abale a m'maofesi. Paja akulu anati walira mvula walira matope. Tinalirira mpando zaka 100, mpando unabwera, ndipo unabwera ndi matope ake.

Ndinene za ine mwini, poti za ena sindingazidziwe bwino. Mu 2016 fodya ndi soya zinandiyendera. Ndinagula njinga yamoto, ndinatsegula kaokala pamsewu. Munda wanga ndi maekala atatu okha, koma ndinayamba kulemba aganyu kuyambira kusosa, kupanga mizere, kupalira, kubandira, mpaka kukolola. Ine ntchito yanga inali kufika pa njinga, kuloza ndi chala, n'kubwerera. Tsiku langa linkayenda chonchi: m'mawa tiyi wa masupuni anayi a shuga, kukwera njinga kupita kuokala, kukhala pa benchi mpaka masana, tchipisi cha pachiwaya chothira mchere wambiri ndi chakumwa chozizira, kenako bawo mpaka dzuwa kulowa, madzulo nsima mitanda inayi. Azigogo chiwaya chinkawapha ndi zipolopolo, ine chiwaya changa chinali cha mafuta, ndipo ndinkachilipira ndekha.

Anthu anayamba kunditchula kuti bwana. Ndisaname, zinkandikomera. Malaya anasiya kumangika, ine n'kumati ndi madalitso. Tsiku lina pogula soya ndinadzikoloweka pa sikelo mwanthabwala, inawerenga makilo 94, anyamata n'kuwomba m'manja. Mutu unkandiwawa kumbuyoku pafupipafupi, ndikawerama kuti ndimange nsapato ndinkapuma ngati ndakwera phiri, usiku mayi a kunyumba ankadandaula mkonono. Zonsezi ndinkangoti ndi ukulu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2022, mwezi wa Ogasiti, mnzanga wa pabawo, munthu wa msinkhu wanga, anagwa akusamba. Mbali imodzi inafa, pakamwa panapotoka, ndipo patatha masiku anayi anatisiya. Kuchipatala anati ndi sitiroko yobwera chifukwa cha BP. Kumudzi kuno mukudziwa zimene zinayankhulidwa, sindizibwereza. Pa tsiku loika, ife a mbali ino ndi amene tinali adzukulu. Ponyamula bokosi kupita kumanda, mtunda wosafika kilomita imodzi, inafika nthawi yanga yolandira. Ndinaika phewa. Sindinayende mapazi 50. M'maso munada, mtima unkagunda m'makutu, miyendo inangoti zii. Mnyamata wina anandilandira msanga bokosi lisanapendeke, ine n'kukhala pansi m'mbali mwa njira, anthu akundilambalala, amayi akuimba. Amene munalipo mukukumbuka, ngakhale munandichitira ulemu osandifunsa.

Nditakhala pamenepo ndinaganiza za agogo. Munthu anayenda mpaka ku Halale ndi kampoto, mdzukulu wake walephera kuperekeza mnzake mapazi 50. Ndinaganizanso kuti bokosi lija ndi machila, ndipo mmene ndikuchitiramu, wotsatira kukwera ndine. Mwana wanga womaliza anali ali Fomu 1.

M'mawa mwake mayi a kunyumba sanandifunse maganizo. Anangoti, "Bambo a ana, valani, tikupita kuchipatala." Atandiyeza, BP inali 172 pa 104. Adokotala, mnyamata wamng'ono woti ndi mwana wanga, anandiyeza kachiwiri n'kundifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinati ndine mlimi. Anayang'ana m'manja mwanga n'kuti, "Bambo, khasu munaligwira liti komaliza?" Ndinasowa choyankha. Manja anali osalala ngati a kalaliki uja ndinkamusirira.

Anandifotokozera bwino, ndipo zimene anandiuza ndikugawireni. Anati mu 2009 unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anachita kafukufuku m'dziko muno, n'kupeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Si matenda a m'tauni okha ayi, kumudzi komwe aliko. Anati mtima uli ngati pampu, mitsempha ndi mapaipi. Magazi akamathamanga mwamphamvu zaka ndi zaka, paipi ina ya m'mutu imaphulika kapena kutsekeka, ndiye sitiroko imeneyo. Anati zoyambitsa ndi zingapo: mchere wambiri, kunenepa, mowa, fodya, kukula, za kumtundu, ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Choncho olo munthu wolima tsiku ndi tsiku akhoza kukhala nayo, n'chifukwa chake aliyense ayenera kukayezetsa. Anandipatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse, anati ndichepetse mchere ndi shuga, ndipo thupi ligwire ntchito mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Kuyenda kwake kwa ndawala, koti ukupuma mwamphamvu koma ukutha kuyankhula ndi mnzako. Anandichenjezanso kuti ndisayambe ndi kuthamanga kapena kunyamula zolemera, ndiyambe pang'ono.

Tsiku loyamba ndinayenda kuchoka pakhomo kufika pa mjigo n'kubwerera, mphindi 10, ndipo ndinafika ndili wefuwefu. Sabata yachiwiri ndinafika pa mlatho. Mawondo ankawawa, m'ntchafu munkapsa, koma chimene chinandivuta kwambiri si thupi ayi. Ndi manyazi. Anyamata a kabaza ankaima n'kumati, "Madala, kwerani, mudzalipira mawa." Amayi a pamjigo ankanong'onezana. Wina anachita kubwera kunyumba kudzandipepesa, ati wamva kuti katundu wanga walandidwa. Thupi litayamba kutsika, mphekesera zinasintha, mukudziwa kale zimene ankanena. Masiku oyambirira ndinkanyamula chikwanje kuti anthu aziti ndikupita kumunda, chifukwa kwathu kuno mwamuna wamkulu woyenda chimanjamanja popanda kopita amaoneka ngati mutu wasokonekera. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mwana uja wa m'mbali mwa njira, woonerera machila, akadali moyo mwa ife tonse. Tikaona munthu akuyenda pansi timati wasauka, tikaona wakhala timati wadalitsika.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pofika mwezi wachitatu ndinkapita kuokala wapansi, makilomita 3 kupita, 3 kubwera. Mvula itayandikira ndinauza aganyu kuti theka la ekala alisiye, ndi langa. Mizere yoyamba inali yokhotakhota, matuza anatuluka m'manja ngati mwana wa sukulu, mayi a kunyumba akuseka kuti bwana wabwerera ku Sitandade 1. Koma ndinamaliza. Chaka chotsatira ndinalima ekala yathunthu.

Ndinaonanso chinthu china chimene alimi anzanga muyenera kuchiganizira. Ntchito yathu ndi ya nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo thupi limagwira ntchito mpaka kupitirira muyeso. Koma tikakolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala, abambo ambiri timangokhala pabawo ndi pamowa, ndalama ya zokolola ili m'thumba, kanyenya ali pafupi. Makolo miyezi imeneyi ndi imene ankavina mganda, kupita kuuzimba, kumweta udzu, kumanga nkhokwe, kuyenda maulendo okaona abale. Ndiye ine chilimwe ndinatsegula kadimba, ndimathirira ndi ndowa m'mawa, ndipo ndinabwerera ku mganda umene ndinausiya ndili ndi zaka 30. Tsiku loyamba anyamata anandiika mzere wakumbuyo, ndipo nyimbo ziwiri zokha zinandikwana. Pano ndimatha bwalo lonse.

Lero sikelo ya soya ija ikuwerenga makilo 79. BP mwezi watha inali 134 pa 84. Mankhwala ndikumwabe, ndipo ndikupemphani, amene munapatsidwa mankhwala musasiye chifukwa choti mwayamba kuyenda, zimenezo amanena ndi achipatala. Mutu unasiya kuwawa, tulo ndimagona tabwino, ndalama ya mafuta a njinga ndi ya aganyu inatsika moti fizi ya mwana sindinavutike nayo chaka chino. Njinga ndimakwerabe ndikamapita ku Mponela ndi katundu kapena pakakhala wodwala. Sindinaitaye, ndinangoichotsa pa udindo wa miyendo. Mwezi wa Meyi tinali ndi zovuta zina m'mudzi muno, ndipo ndinanyamula nawo mpaka kumanda, kulandira kawiri. Palibe anaona chachilendo, koma ine ndekha mumtima ndinathokoza Mulungu.

Tsono kwa iwe mwana wa mlongo wanga, thamanga pa makina akowo, usamvere zoseka. Ntchito yako ndi ya pa kompyuta, kuchoka pakhomo ndi minibasi, kubwera ndi minibasi, mtondo ulibe, munda ulibe, ndiye thupi lako ulipatse chochita. Agogo ako akanadabwa kumva kuti munthu akulipira ndalama kuti atuluke thukuta, zoona, koma iwo thukuta ankachita kulandidwa, iwe ukupereka wekha kwa thupi lako. Inu ena a m'tauni amene ya jimu mulibe, tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, yendani kotsalako. Mukabwera kumudzi pa Khirisimasi musamangokhala pa mpando wa alendo kudikira nkhuku, tiperekezeni kudimba.

Kwa inu anzanga a kumudzi kuno, makamaka abambo a pabawo, sindikukuuzani kuti mugule nsapato za mafizo. Khasu muli nalo, njira ilipo, ng'oma ya mganda ikulira Loweruka lililonse. Kayezetseni BP, kuchipatala cha boma salipiritsa. Ndipo mukaona munthu watsika thupi kapena akuyenda pansi, musathamangire kumupangira nkhani. Amayi athu amene mukusenza kale zolemera tsiku lonse, inu nkhani ya kuyendayi si yanu kwenikweni, inu chofunika ndi kuyezetsa, kuchepetsa mchere m'ndiwo, ndi kuti ife abambo tikulandireniko ntchito zina. Ndowa ziwiri za m'mawa pakhomo panga pano ndimatunga ndine, ndipo sindinafe nazo.

Pano tilipo anayi amene timakumana pa mjigo 5 koloko m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu, n'kuzungulira kudzera kusukulu, kudambo, kubwerera cha kutchalitchi. Ndi mphindi 40. Wamkulu pa gulu lathu ali ndi zaka 67 ndipo ndi amene amatisiya m'mbuyo. Amene akufuna abwere, palibe cholipira, chikwanje chonamizira musanyamule.

Pomaliza ndipemphe akuluakulu amene mudakali ndi makolo oti anayendako ulendo wa ku Halale kapena ku Joni, kapena amene munamva kwa azigogo za mtengatenga, afunseni njira imene anadzera, masiku amene anayenda ndi zimene ankadya m'njira, mundiuze. Ine ndinamva za agogo anga okha, ndipo zambiri ndinaiwala chifukwa nthawi imeneyo ndinkangoyang'ana mpando wawo. Ndikufuna tizilembe ana athu adzazipeze.

Mulungu akusungeni nonse, tionana pa mjigo.